Kodi mumadziwa? Sukulu ya zachilengedwe pamathiriro a Luangwa

Kodi mumadziwa kuti wophunzira wa ku University of Zambia angathe kukaphunzira kunja kwa dziko kawiri m'mawa umodzi osakwera ndege? Anyamuke ku Lusaka pa msewu wa Great East, akhotere kumanja atatsala pang'ono kuwoloka mlatho wa Luangwa, atsike ndi mtsinjewo makilomita oposa 80 mpaka pa boma la Luangwa, lomwe mpaka 1964 linkatchedwa Feira ndipo akuluakulu amalitchulabe choncho. Akaima pagombe pamenepo, tsidya la Luangwa ndi Zumbo, m'dziko la Mozambique. Tsidya la Zambezi ndi Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Bwato la injini limufikitsa kulikonseko tiyi asanazizire m'fulasiki. Asaiwale chiphaso chowolokera malire, chifukwa a imigireshoni saseka ndi munthu. Zowoloka popanda chidindo ndi mvuu, njovu ndi nkhwazi basi.

Kodi mumadziwa kuti malo otsikitsitsa m'Zambia monse ndi omwewa? Ali pa mamita 329 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lusaka ali pa mamita oposa 1,200. Wotsika ku Lusaka mu Okutobala amamva kusiyanako pakhungu, chifukwa kuno kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo masana ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi.

Madzi a mitsinje iwiriyi sagwirizana msanga. Luangwa imachokera ku mapiri a Mafinga, pafupi ndi malire a Malawi, ndipo imayenda makilomita oposa 700 popanda damu lalikulu loitchinga. Ikadzaza m'dzinja imagumula magombe, n'kufika pa Feira ili mbuu ngati thobwa. Zambezi imafika yoyererapo, chifukwa matope ake ambiri amatsalira m'nyanja ya Kariba, yomwe damu lake linamalizidwa mu 1959. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ana zomwe damu limachita pamtsinje safunika choko: angowaimika pagombe, aloze mzere womwe madzi awiriwo akuyendera limodzi asanasakanikirane. Panali maganizo omanga damu pa Luangwa, pa Ndevu Gorge, koma boma la Zambia linawaimitsa mu 2019.

Kodi mumadziwa kuti mwambo wotumiza ophunzira a kuyunivesite kudzaphunzira zachilengedwe m'chigwa cha Zambezi unayamba zaka zoposa 200 zapitazo? Mu 1772 yunivesite ya Coimbra ku Portugal inakonzanso maphunziro ake n'kuyamba kuphunzitsa za zomera, nyama ndi miyala. Mphunzitsi wake anali Domenico Vandelli wa ku Italy. Mu 1783 ophunzira ake anayi anamwazidwa: wina ku Brazil, wina ku Angola, wina ku Cape Verde, ndipo Manuel Galvão da Silva anapita ku Goa kenako ku Mozambique. Galvão atafika, anamupatsanso ulembi wa boma, moti nthawi yambiri inathera pa mapepala a mu ofesi m'malo mwa masamba a m'tchire. Komabe mu 1788 analemba za ulendo wake m'dera la Tete ndi m'maiko ena a Amaravi. Pa nthawiyo Zumbo unali kale msika wa Apwitikizi wa golide ndi minyanga. Tisanamizane, mfumu ya ku Lisbon sinkalipira maulendowa chifukwa chokonda maluwa. Inkafuna kudziwa pomwe pali migodi.

Patapita zaka khumi, mu 1798, dokotala wa masamu wa ku Coimbra komweko, Francisco de Lacerda, ananyamuka ku Tete ndi zida zoyezera nyenyezi, nadutsa m'dziko la Amaravi, nawoloka Luangwa kumtunda, n'kukamwalira kwa Mwata Kazembe chaka chomwecho.

Kodi mumadziwa kuti tsiku lodziwika bwino m'mbiri ya Angoni linapezeka chifukwa cha maphunziro a zakuthambo? Angoni a Zwangendaba, makolo a anthu a Mpezeni ku Chipata ndi a M'mbelwa ku Mzimba, anawoloka Zambezi cha pafupi ndi Zumbo, ndipo akuluakulu awo anasunga m'mutu kuti tsikulo dzuwa linada masana. Akatswiri atawerengetsa mobwerera m'mbuyo, anapeza kuti kadamsana anadutsa dera lino mu Novembala 1835. Agogo anasunga chochitika, a masamu anapereka deti. Popanda mmodzi mwa iwo tikanangoti "kalekale".

Mwezi womwewo, mnyamata wa zaka 26 dzina lake Charles Darwin anali ku Tahiti, atangochoka kumene ku zilumba za Galápagos pa ulendo wa sitima ya Beagle, womwe unatenga kuyambira 1831 mpaka 1836. Iye anaphunzira ku Edinburgh ndi ku Cambridge. Koma kodi mumadziwa yemwe anamuphunzitsa kusenda mbalame ndi kusunga zikopa zake kuti zisawole, luso lomwe analidalira pa ulendo wonsewo? Anali John Edmonstone, munthu wakuda amene anakhalapo kapolo ku Guyana. Nkhani ya mphunzitsi wosatchuka kumbuyo kwa wophunzira wotchuka muisunge, tikumana nayonso pa Zambezi.

Kodi mumadziwa kuti mu Zambezi munagwidwapo shaki? Wilhelm Peters wa ku Germany, yemwe anaphunzira ku Copenhagen ndi ku Berlin, anakhala m'Mozambique zaka za m'ma 1840 ndipo anakwera mtsinje mpaka ku Tete. Mu 1852 analemba za shaki yomwe inapezeka cha ku Tete, makilomita mazanamazana kuchokera kunyanja yamchere, naitcha Carcharias zambezensis. Lero tikudziwa kuti ndi mtundu umene umapezeka m'nyanja zotentha padziko lonse ndipo umatha kukhala m'madzi opanda mchere. Osambira pa Feira musade nkhawa ndi iyoyi, khoma la damu la Cahora Bassa lilipo pakati. Za ng'ona ndiye tikambirana kumapeto.

Chaka chomwecho Peters anapatsa maina achilatini nsomba zomwe asodzi a mu Zambezi ankazidya kuyambira makolo awo, monga nkupe ndi mphende. Mphende ya kumunsi kwa Zambezi, yomwe m'mabuku ndi Oreochromis mossambicus, inadzatengedwa kukawetedwa m'maiko otentha ambiri, n'kuthawira m'mitsinje ya eni ake, moti ili pa mndandanda wa zamoyo 100 zosautsa kwambiri zikalowa m'dziko lachilendo. Kwawo kuno ikuchepa, chifukwa ikukwatirana ndi nsomba inzake yochokera ku mtsinje wa Nile yomwe alimi a nsomba anabweretsa. Kunja akuithamangitsa, kumudzi ikusowa.

Kodi mumadziwa kuti David Livingstone anagona pamathiriro pano ali ndi mantha? Munali mu Januwale 1856, akuchokera kumadzulo kupita ku Quelimane ndi anthu oposa 100 amene mfumu Sekeletu ya Amakololo inamupatsa. Anapeza nyumba zamiyala za Apwitikizi zili mabwinja, tchalitchi chitagumuka, belu losweka lili pansi. Ankaganiza kuti anthu a Mburuma amuthira nkhondo powoloka Luangwa, koma anawoloka bwinobwino pa bwato la eni dera. Ufumu wa Mburuma ulipo mpaka lero, wa Ansenga a Luzi, ndipo mwambo wawo ndi Mbambala. Achikunda a mfumu Mphuka ali ndi mwambo wa Dantho.

Tsopano imvani za tsoka lomwe mphunzitsi aliyense wa zakutchire ayenera kufotokozera ophunzira ake asanakwere bwato. John Kirk anamaliza za udokotala ku Edinburgh, ndipo mu 1858, asanafike zaka 30, analembedwa kukhala dokotala komanso katswiri wa zomera pa ulendo wachiwiri wa Livingstone mu Zambezi. Mu 1860 anayenda wapansi kuchokera ku Tete, nadutsa pa Zumbo, kuperekeza Amakololo kwawo. Njira yonse ankathyola masamba, kuumitsa maluwa, kujambula mitengo ndi kulemba. Pobwerera anatsika pa mabwato. Mu Novembala chaka chomwecho, pa mathithi a Kebrabasa, bwato lake linagubuduzika. Iye anapulumuka, koma zolemba ndi zojambula za miyezi yambiri zinapita ndi madzi. Mathithiwo lero anamira pansi pa nyanja ya Cahora Bassa, yomwe damu lake linatsekedwa mu 1974, ndipo madzi ake amabwerera m'mbuyo mpaka kufupi ndi Zumbo. Zomera zina zomwe Kirk anatumiza zili ku Kew Gardens ku London, ndipo pali mtundu wa mitengo wotchedwa Kirkia pokumbukira iye. Wophunzira wa lero amene amasunga zonse mu foni imodzi n'kukhala nayo m'thumba la malaya pabwato, Kirk akanamuyang'ana ndi diso lachifundo.

Kodi mumadziwa kuti katswiri wina wa zomera anafera pa Zumbo penipeni? László Menyhárth, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti wa ku Hungary, anali atalemba kale buku la zomera za kwawo ku Kalocsa asanabwere ku mishoni ya Boroma, pafupi ndi Tete, mu 1890. Pakati pa Misa ndi sukulu ankatola zomera ndi kulemba za mvula ndi kutentha. Anamwalira ku Zumbo mu 1897. Zomera zake zinakafika m'manja mwa Hans Schinz wa ku Zürich, yemwe anazifotokoza m'buku mu 1905, ndipo ukaona dzina la chomera likuthera ndi menyharthii, dziwa kuti ndi bambo ameneyu. Ajezuwiti atathamangitsidwa m'dera la Apwitikizi pambuyo pa kusintha kwa boma mu 1910, ena anangowoloka Luangwa n'kukhazikika ku Katondwe, komwe lero kuli chipatala cha mishoni chomwe anthu a mbali zonse za mtsinje amadalira.

Funso lomwe mabuku aja sayankha kawirikawiri ndi ili: ndani ankapalasa? Ndani ankadziwa kuti khwawa ili lili ndi madzi mu Okutobala, kuti muzu uwu ndi wa m'mimba, kuti njovu iyi yatukula makutu mongowopseza koma inayo ikubweradi? M'dera lino ntchitoyo inali ya Achikunda ndi Ansenga. Achikunda anayamba ngati asilikali a ukapolo m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya kumunsi kwa Zambezi, kenako anatchuka pa uzimba wa njovu ndi kuyendetsa mabwato. Mbiri yawo ili ndi magazi, chifukwa atsogoleri ena monga Kanyemba ndi Matakenya ankagwira anthu ukapolo. Koma pa za nyama ndi madzi, mlendo wa digiri anali mwana wa sukulu pamaso pawo. Pa zikwangwani za m'nyumba zosungira zakale pamalembedwa dzina la wotola, la womulozera palibe.

Umboni wake ndi nsadzu. Wansembe João dos Santos, m'buku lake la mu 1609, analemba za kambalame ka ku Sofala komwe kankalowa m'tchalitchi kudzadya phula la makandulo. Mu 1777 Anders Sparrman, wophunzira wa Carl Linnaeus wa ku Uppsala yemwe anatumizidwa ku South Africa, anakalemba m'mabuku a sayansi. Kwa zaka zambiri ophunzira ena a ku Ulaya ankakayika zoti mbalame ingatsogolere munthu ku njuchi. Mu 2016 Claire Spottiswoode wa ku mayunivesite a Cambridge ndi Cape Town, pamodzi ndi anzake, anafalitsa zomwe anapeza poyenda ndi Ayao ofula uchi m'nkhalango ya Niassa. Ofula uchiwo ali ndi kaitanidwe kawo, kunjenjemeretsa milomo kenako n'kudzuma. Akaitana choncho, mwayi woti nsadzu iwatsogolere unkakwera kuchoka pa 33 kufika pa 66 pa 100 alionse, ndipo mwayi wopeza njuchi unkachoka pa 17 kufika pa 54. Sayansi inawonjezera manambala, ndipo manambala ndi abwino. Nkhani yeniyeniyo mwana aliyense woweta mbuzi m'chigwa cha Luangwa ankaidziwa.

Kodi mumadziwa kuti nyamalikiti ya m'chigwa cha Luangwa ili ndi dzina la bwanamkubwa wa pa Petauke? Harry Thornicroft anawombera imodzi n'kutumiza chikopa ku London, ndipo mu 1911 Richard Lydekker anaitcha dzina lake. Nyamalikiti zimenezi zilipo mazana ochepa chabe, ndipo zimakhala m'chigwachi mokha, cha kumtunda. Ofufuza za magazi apeza kuti ndi abale a nyamalikiti za ku Tanzania ndi Kenya. Chodabwitsa n'chakuti mukatsikira kuno ku Zambezi simuziona: mu Lower Zambezi National Park mulibe, ku Mana Pools kulibenso.

Kashembe nayenso analowetsa Luangwa m'mabuku a udokotala. Mu 1910 John Stephens ndi Harold Fantham a ku Liverpool School of Tropical Medicine anapima magazi a munthu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa, napeza kachilombo ka kaodzera kosiyana ndi ka ku Congo, kopha msanga m'miyezi yochepa. Anakatcha Trypanosoma rhodesiense. Posakhalitsa Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke anamanga misasa m'chigwa momwemo n'kutsimikiza kuti amakafalitsa ndi kashembe wa m'tchire, ndiponso kuti kamabisala m'magazi a nyama zakutchire zomwe sizioneka kudwala. Kwa zaka zambiri mankhwala a nthendayi ikafika ku ubongo anali jakisoni wa melarsoprol, woopsa moti ena ankafa ndi mankhwala omwewo. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza mapiritsi a fexinidazole pa kaodzera wa mtundu umenewu, ndipo kuyesa kwake kunachitikira ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda.

Kodi mumadziwa kuti msangu umachita zinthu mobwerera? Mitengo ina ikamaphuka ndi mvula, uwo umayoyola masamba. Ina ikamauma m'chilimwe, uwo umabiriwira n'kubala nyemba zopiringizika zofiirira. Mlimi wa ku Salima kapena ku Katete amadziwa phindu lake, chifukwa chimanga chimakula pansi pake osasowa dzuwa ndipo masamba oyoyoka amadyetsa nthaka. Njovu nayo imadziwa. Ku Mana Pools, komwe UNESCO inakuika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, kuli njovu zamphongo zingapo zomwe zimaima ndi miyendo yakumbuyo yokha kuti chitamba chifike nthambi zam'mwamba.

Mlambe sungauwerengere zaka ndi mizere ya m'thunthu monga achitira ndi mitengo ya ku Ulaya, chifukwa mizere yake sioneka bwino ndipo mkati mumakhala mphako. Amaupima ku labotale ndi njira ya kaboni. Mlambe wa Panke ku Zimbabwe unapezeka ndi zaka pafupifupi 2,450, ndipo unagwa cha m'ma 2010 ndi 2011.

Masawu ndiye safuna kuwalankhulira. M'miyezi yozizira amadzaza m'malichero pa mlatho wa Luangwa pambali pa nsomba zouma ndi madengu a mlaza, ena amakathera m'phala, ena m'kachasu. Koma kodi mumadziwa kuti mtengo womwewu, Ziziphus mauritiana, ndi chipatso cha pamsika ku India, komwe anausankhira mbewu mpaka zipatso zake zina zimakula kuposa dzira la nkhuku? Wophunzira wofuna mutu wa kafukufuku wothandiza amayi a ku Feira asavutike kuyang'ana kutali.

Kodi mumadziwa kuti mcheni umagwira mbalame ikuuluka? Asodzi ankanena, ophunzira ankaseka. Mu 2014 ofufuza a ku North-West University ku South Africa anafalitsa umboni wa kanema wochokera pa damu la Schroda, woonetsa mcheni ukudumpha m'madzi n'kuwakha namzeze akuuluka pamwamba pa madzi. Mu Zambezi muno mulinso nyesi, yomwe ukaigwira ndi manja imakumenya ndi magetsi, ndi vundu, mlamba waukulu wotha kulemera kuposa thumba la simenti.

Nanga kapenta? Si mbadwa ya Zambezi. Anamutenga ku nyanja ya Tanganyika n'kumuthira mu Kariba mu 1967 ndi 1968. Ku Cahora Bassa palibe anamunyamula: anatulukira yekha m'makina a magetsi a pa Kariba, natsika ndi mtsinje, nadutsa pakhomo pa Feira ndi Zumbo, n'kukayambitsa usodzi wa usiku wa nyali womwe lero ukudyetsa mabanja ambiri m'chigawo cha Tete.

Mvuu ndi msuweni wa anangumi a m'nyanja yamchere, osati wa nkhumba monga ankaganizira kale. Thukuta lake lofiira si magazi. Ofufuza a ku Japan anaonetsa mu 2004 kuti ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi ku tizilombo. Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje ya mvuu zochuluka kwambiri mu Africa, ndipo ndowe zomwe zimataya m'madzi zitadya udzu usiku ndizo zimadyetsa tizilombo tomwe nsomba zimadya. Msodzi amene bwato lake linaswedwa ndi mvuu sangaimve bwino mfundo imeneyi, ndipo sitingamudzudzule.

Kodi mumadziwa kuti pali nyama yakalekale yotchedwa Luangwa? Mafupa ake anafukulidwa kumtunda kwa chigwachi, ndipo mu 1963 anaitcha Luangwa drysdalli. Inakhalapo zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo, ndipo ili m'gulu lomwe munadzatuluka nyama zoyamwitsa. Mu 2004 mbale wake anapezeka ku Brazil, natchedwa Luangwa sudamericana. Sinasambire ayi. Pa nthawiyo Africa ndi South America linali dziko limodzi. Tsidya la Zambezi, m'nkhalango ya Chewore, muli mapazi a dinosaur odindika pamwala m'khwawa la Ntumbe, omwe anadziwika mu 1984, ndipo cha ku Chirundu kuli mitengo yomwe inasanduka miyala.

Pa za mafupa, a Malawi ali ndi wawo. Elizabeth Gomani anapita ku Southern Methodist University ku Dallas, ku America, kukaphunzira za mafupa ofukulidwa ku Karonga. Anali mmodzi wa omwe anapatsa dzina Malawisaurus mu 1993, ndipo iye mwini anafotokoza Malawisuchus mu 1997 ndi Karongasaurus mu 2005. Anabwerera kwawo n'kudzatsogolera nthambi ya boma ya zachikhalidwe. Ku Zambia kuli Thandiwe Mweetwa, yemwe anakulira ku Mfuwe m'mbali mwa Luangwa yomweyi, nakaphunzira ku University of British Columbia ku Canada ndi ku University of Arizona, n'kubwerera kudzalondola mikango ndi mimbulu ndi bungwe la Zambian Carnivore Programme. Mu 2016 National Geographic inamusankha kukhala mmodzi wa ofufuza achinyamata odalirika. Ulendo womwe kale unkangoyenda mbali imodzi, awiriwa anauyenda mobwerera, ndipo zolemba zawo zinatsala kuno.

Ku Mozambique anapita patsogolo pena. Kuyambira 2018, ku Gorongosa National Park kuli maphunziro a digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka zachilengedwe omwe amachitikira m'nkhalango momwemo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, mogwirizana ndi masukulu a ukachenjede a m'dzikomo ndi yunivesite ya Lisbon. Ophunzira ake ndi a ku Mozambique. Ndikayang'ana mapu a pa Feira ndimadabwa kuti tikudikira chiyani. Kumadzulo kuli Lower Zambezi National Park, ya mu 1983, yokula masikweya kilomita oposa 4,000. Kum'mwera kuli Chewore, Sapi ndi Mana Pools. Kum'mawa kuli Magoe National Park ya mu 2013, ndi midzi yomwe inayamba ntchito ya Tchuma Tchato m'zaka za m'ma 1990, yogawana ndi anthu phindu la nyama, potengera CAMPFIRE ya ku Zimbabwe. Mu 2024 maiko atatuwa anasainirana pangano la ZIMOZA losamalira limodzi dera lonseli. Njira zitatu zosamalira njovu zomwezomwezo, malamulo atatu a usodzi pa madzi amodzi: kalasi yake ndi yokonzeratu. UNZA, Copperbelt University, University of Malawi ndi Bunda zonse zili ndi ophunzira a zamoyo amene ena amamaliza digiri atadziwa chule wa m'botolo yekha.

Kodi mumadziwa kuti chida chachikulu cha katswiri wa zomera ndi nyuzipepala yakale? Amadula kanthambi kokhala ndi masamba, duwa kapena chipatso, n'kukayala bwino pakati pa mapepala, tsamba limodzi atalitembenuza kuti kunsi kwake kuoneke. Amasanjika mapepalawo pakati pa timatabwa tiwiri, n'kumanga zolimba ndi lamba. Tsiku lililonse amasintha mapepala onyowa, apo ayi zonse zichita nkhungu. Kenako pamabwera kapepala kofunika kuposa chomeracho: deti, malo, mtundu wa dothi, kutalika kwa mtengo, mtundu wa duwa lisanafote, dzina lomwe eni dera amautchula ndi ntchito yake. Amalemba ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka ikanyowa. Kirk ankachita chomwechi, ndipo ku National Herbarium ku Zomba akuchitabe chomwechi. Mabuku a Flora Zambesiaca, omwe anayamba kutuluka mu 1960 pofotokoza zomera za Zambia, Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, anamangidwa pa timapepala totere.

Masiku ano sungangothyola n'kunyamula. Wofufuza m'nkhalango za Zambia amafunika chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife, wa mafupa akale amadzera ku National Heritage Conservation Commission, ndipo pangano la Nagoya la mu 2010 limati phindu lochokera ku zamoyo za dziko ndi nzeru za eni ake ligawanidwe. Wina akadandaula kuti mapepala achuluka, mukumbutseni za chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka mu mgodi wa Kabwe mu 1921. Chili ku Natural History Museum ku London, ndipo Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri. Ndipo kalata ya ku Lusaka isakunamizeni: musanakhome hema, kaonekereni kwa mfumu.

Ophunzira ochokera kunja amakonda kuwerenga njovu. Mayi wa ku Luangwa amene munda wake wa m'mbali mwa mtsinje wadyedwa usiku umodzi amaziwerenga mwa njira ina. Alimi ena amamanga mipanda ya zingwe zopakidwa tsabola ndi oyilo wakutha, ena amawotcha njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola kuti utsi wake uzithamangitse. Ku Kenya, Lucy King wa ku Oxford anaonetsa kuti njovu zimathawa njuchi, ndipo mipanda ya ming'oma yafalikira m'maiko ambiri. Ulendo wa maphunziro umene sukhala pansi ndi mayi ameneyu ndi ulendo wokaona malo chabe.

Nthawi yabwino yobwera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, misewu itauma ndipo nyama zitasonkhana kumadzi. Mu Seputembala afulagombe ofiira amafika m'magulu a mazanamazana n'kuboola mauna m'magombe a mchenga omwe Luangwa inagumula m'dzinja. Ukaima pansi pa gombe lotero makutu amagontha.

Kodi mumadziwa, pomaliza, kuti dzira la ng'ona silikhala lalimuna kapena lalikazi poikiridwa? Chimagamula ndi kutentha kwa mchenga. Pa madigiri pafupifupi 32 mpaka 34 pamaswedwa ambiri aamuna, kukazizirapo kapena kutenthetsa pamaswedwa aakazi. Mazirawo amakhala m'dzenje miyezi itatu, ndipo ana akayamba kulira ali m'chikamba, make amafukula n'kuwanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. Miyezi yonseyo make sapita kutali. Wophunzira amene wapatsidwa ntchito yokayeza kutentha kwa chisa atenge mnzake wa maso akuthwa, ndipo mnzakeyo akhale wa ku Feira.